Dzira loyamba la msoti ndi nkhani ya chigoba chake

M'mawa wina mulowa m'khola n'kupeza pansi, pomwe nkhuku zimagona, kanthu kooneka ngati dzira koma kofewa. Mukakanyamula kakubonyoka m'manja ngati chibaluni cha madzi, chikasu chikuonekera m'kati mwa kachikopa kopyapyala. Tsiku lina mutola kadzira kakang'ono ngati ka njiwa, mkuja mutola dzira lalitali la zikasu ziwiri. Misoti imene mwailera kuyambira ili anapiye yayamba kuikira, koma zimene ikutulutsa si zimene munkayembekeza. Pamenepa oweta ambiri amathamangira kuwiri. Ena amati nkhuku zadwala, n'kuyamba kuzimwetsa mankhwala. Ena amati zikusowa kashiamu, mchere womanga mafupa ndi chigoba, n'kukhuthulira laimu m'chakudya. Nthawi zambiri onsewo amakhala aphonya, chifukwa chigoba cha dzira chimadalira kwambiri nthawi, ndipo nthawiyo ili pawiri: maola amene dzira limakhala m'mimba mwa nkhuku, ndi masabata amene msoti unapatsidwa kuti ukule usanayambe ntchito.

Aliyense amene anaphapo thadzi loikira anaona kaphava ka timazira tachikasu tomatirira chakumsana, tina tating'ono ngati njere za mapira, tina tatikulu tongotsala pang'ono kutsika. Nkhuku imabadwa ndi timazira masauzande ambiri, m'mbali ziwiri za thupi lake, koma mbali ya kumanzere yokha ndi imene imakula n'kugwira ntchito, ya kumanja imafota. Chikasu chikakhwima chimachoka paphavapo n'kugwera pakamwa pa njira ya dzira, imene imatalika masentimita 60 kapena kuposerapo mwa nkhuku yoikira. Pakamwapo chimangokhalapo mphindi 15 mpaka 30, ndipo ngati pali tambala, m'pamene umuna umakumana nacho. Kenako chimayenda maola pafupifupi 3 m'chigawo chimene chimachikuta ndi choyera chija, n'kupitirira ola limodzi ndi kanthawi m'chigawo chopapatiza chimene chimaluka tizikopa tiwiri timene timaona tikamasenda dzira lowiritsa. Pofika apa papita maola osakwana 5, ndipo dzira lili ndi zonse kupatula chigoba. Dzira lofewa limene munatola pansi lija ndi dzira limene linatuluka litangofika pamenepa, kapena litapitirira pang'ono.

Maola ena onse otsala, pafupifupi 20, dzira limathera m'thumba lopangira chigoba. Poyamba limamwa madzi kuti lifufume n'kutenga maonekedwe ake, kenako kashiamu amayamba kumatika pakachikopa kakunja, kuyambira pa timadontho tambirimbiri, n'kumakula ngati timizati toimikidwa mothinana mpaka kukhala khoma lochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Khomalo lili ndi timabowo masauzande angapo topumira mwanapiye. Mtundu wofiirira umapakidwa kumapeto, m'maola otsiriza, ndipo chomaliza penipeni ndi kautoto kosaoneka kamene kamatseka timabowo tija kuti tizilombo tisalowe. Ulendo wonse umatenga maola 24 mpaka 26. Dzira likangotuluka, pakapita mphindi ngati 30 chikasu china chimatsika, ntchito n'kuyambanso.

Taonani bwino mmene maolawa akugwera. Nkhuku yoikira m'mawa, dzira lake lotsatira limalowa m'thumba la chigoba masana, ndipo kumatika kwenikweni kwa kashiamu kumachitika madzulo ndi usiku wonse. Ndiye kuti chigoba chimamangidwa nthawi imene nkhuku ili khale pamtengo, mumdima, osadya kanthu. Chigoba chimodzi chimalemera magalamu 5 mpaka 6, ndipo kashiamu amene ali m'menemo ndi magalamu 2 kapena kuposa pang'ono. Zikumveka zochepa, koma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kashiamu yense wa m'thupi la nkhuku. Amene amakhala akuyenda m'magazi pa nthawi imodzi sangakwane ngakhale ntchito ya ola limodzi. Pamafunika kwina komutunga usiku wonse.

Kotunga kulipo kuwiri. Koyamba ndi chakudya chimene chatsala m'chithokomiro ndi m'nthutumba pamene nkhuku ikukagona. Kwachiwiri ndi mafupa. Masiku 10 mpaka 14 msoti usanaikire dzira loyamba, mahomoni a chikazi, timadzi ta m'magazi tolamulira kubereka, amayambitsa chinthu chimene atambala ndi anapiye alibe: m'kati mwa mafupa aatali, monga a ntchafu ndi miyendo, mumayamba kumera fupa lina lofewa, lokhala ngati siponji. Fupa limeneli ntchito yake si kunyamula thupi ayi. Ndi nkhokwe. Usiku limasungunuka kuti lipereke kashiamu ku chigoba, masana nkhuku ikadya limabwezeretsedwa. Mwa nkhuku yodya bwino, nkhokweyi imapereka magawo 20 mpaka 40 pa 100 a kashiamu wa m'chigoba, wotsalayo amachokera m'matumbo mwachindunji.

Apa m'pamene pagona nkhani ya kuikira msanga, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo. Mahomoni omwewo amene amatsegula nkhokwe ija amaimitsanso kumangidwa kwa fupa lolimba lakunja, limene limanyamula thupi. Msoti ukayamba kuikira, mafupa olimba amene uli nawo tsiku limenelo ndi omwewo amene udzadalire nyengo yonse yoikira. Saonjezekanso mpaka nkhuku itapumira kuikira, monga nthawi yofungatira kapena yosintha nthenga. Ndipo nkhokwe ikaperewera, thupi silisiya msanga kupanga zigoba, limayamba kudya fupa lolimba lija. Msoti umene wayamba kuikira thupi lisanakwane uli ngati munthu amene walowa m'nyumba njerwa zisanaume. Kwa kanthawi zonse zimaoneka bwino, mwina mazira ake amakhala olimba ndithu, koma patsogolo m'pamene mumaona fupa la pachidale litapindika, nkhuku ikutsimphina, kapena itangokhala pansi osatha kuimirira chonsecho inaikira dzulo lomweli. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhuku yoikira, poyambapo ndi masabata a kukula kwake.

Msinkhu woyambira kuikira umasiyana malinga ndi mtundu. Nkhuku zimene makampani anazikonzera mazira okhaokha, monga ISA Brown, Hy-Line Brown ndi Lohmann Brown, zimayamba pa masabata 18 mpaka 20. Mitundu yolemera yoweteredwa nyama ndi mazira omwe, monga Black Australorp ndi Orpington, imachedwerapo, nthawi zambiri masabata 22 mpaka 28, ndipo Brahma imatha kupitirira pamenepo. Nkhuku zoyenda zokha kufuna chakudya nazonso zimachedwa, kawirikawiri miyezi 6 kapena 7. Choncho mawu oti "msanga" alibe tsiku limodzi. Chofunika kuyang'ana ndi thupi. Msoti wofiirira wa mtundu wa mazira uyenera kukhala ukulemera pafupifupi makilogalamu 1.4 mpaka 1.5 pofika sabata la 17 kapena 18, ndipo kutalika kwa mafupa ake kumakhala kutatsala pang'ono kutha pofika sabata la 12 kapena 14. Mwanapiye amene anavutika ndi njala, njoka za m'mimba kapena kuthithikana m'miyezi itatu yoyambayo amakhala wamng'ono thupi mpaka kalekale. Mukhoza kudzamunenepetsa pambuyo pake, koma mafuta si mafupa, ndipo msoti wonenepa pa mafupa aafupi ndi umene umavutika kwambiri potulutsa dzira.

Chimene chimauza thupi la msoti kuti nthawi yakwana makamaka ndi kuwala. Nkhuku imamva kutalika kwa usana osati ndi maso okha. Kuwala kumalowa kudzera m'chibade mpaka m'kati mwa ubongo, mmene muli timinyewa toyambitsa mahomoni. Usana ukamatalika tsiku ndi tsiku kupitirira maola ngati 12, thupi limamva kuti nyengo yobereka yafika, ndipo nkhuku imaikira bwino kwambiri pa maola 14 mpaka 16 a kuwala. M'mayiko akutali ndi pakati pa dziko lapansi, kumene usana umatalika ndi kufupika kwambiri pachaka, anapiye okula pamene masiku akutalika amakhwima msanga, okula pamene masiku akufupika amachedwa. Kumene usana susintha kwambiri, chimene chimasokoneza ndi magetsi. Babu limene munawaikira anapiye kuti azimva kufunda, mukaiwala kulichotsa, kapena getsi la panja loyaka usiku wonse pafupi ndi khola, likhoza kukokera misoti ku kuikira isanakonzeke. Alimi a nkhuku zambiri ali ndi lamulo lakale losavuta: osaonjezera kuwala pa nkhuku imene ikukula, osachepetsa kuwala pa nkhuku imene ikuikira. Lamulo limeneli limagwira ntchito chimodzimodzi pa nkhuku zisanu za kuseri kwa nyumba.

Ndikumvetsa chifukwa chake munthu amalakalaka dzira loyamba lifike msanga. Mwadyetsa miyezi inayi osatolapo kanthu. Koma masabata awiri amene mwapindula poyambirira mumadzawalipira ndi timazira tating'ono kwa nthawi yaitali, chifukwa kukula kwa dzira kumatsatira kukula kwa thupi la msoti pa tsiku limene unayamba. Mumawalipiranso ndi vuto loopsa kwambiri mwa onse a misoti, lotuluka nyama. Nkhuku ikamaikira, kumapeto kwa njira ya dzira kumatembenukira kunja kwa kanthawi, n'kubwerera m'kati dzira likagwa. Mwa msoti wochepa thupi, kapena wonenepa kwambiri, kapena umene wakankha dzira la zikasu ziwiri, nyamayo imatha kukanika kubwerera. Zinzake zikaona chofiiracho zimayamba kujompha, ndipo zikhoza kuupha tsiku lomwelo. Mukaona zotere, uchotseni pagulu nthawi yomweyo, tsukani nyamayo ndi madzi ofunda aukhondo, yesani kuibwezera pang'onopang'ono, ndipo usungeni pa malo amdima kuti uyambe wapumira kuikira. Ukapanda kusintha, aoneni a zachipatala cha ziweto. Zisa zokhala pamalo obisika, pamdima pang'ono, zimathandiza kuti zinzake zisaone nyamayo isanabwerere.

Tsono tibwerere ku mazira achilendo aja. Mwa thadzi lozolowera, zinthu zimatsatana bwino: dzira lituluke, chikasu china chitsike. Mwa msoti, mahomoni amakhala asanagwirizane kayendedwe. Zikasu ziwiri zikatsika nthawi imodzi zimakutidwa pamodzi, ndiye dzira la zikasu ziwiri lija. Zikatsika motsatana patangopita maola ochepa, chachiwiri chimafika pa thumba la chigoba choyamba chisanatulukemo. Pamenepo mwina limodzi limakankhidwira kunja lisanamatidwe, mwina awiriwo amapanikizana n'kutuluka lina lili lophwatalala mbali imodzi ndi makwinya m'mphepete. N'chifukwa chake nthawi zina mumapeza dzira labwino m'chisa ndi lofewa pansi pa mtengo wogonapo, onse a msoti umodzi. Kadzira kakang'ono kopanda chikasu kamabwera pamene kanyama kena kakang'ono kagwera m'njira ya dzira, njirayo n'kukakuta ngati chikasu chenicheni. Timizere ta magazi pachigoba ndi chizindikiro chakuti potulukira panang'ambika pang'ono pokhala n'koyamba kutanuka. Zonsezi zimachepa zokha pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo palibe mankhwala amene angazifulumizitse.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa, chimene chimathandiza kwambiri poweruza nkhaniyi. Nkhuku imamata pafupifupi muyezo womwewo wa chigoba pa dzira lililonse moyo wake wonse, pamene dziralo limanka likula. Mwa nkhuku za mtundu wa mazira, dzira loyamba limalemera magalamu 40 mpaka 45, la thadzi lachaka limapitirira 60. Chigoba chomwecho chikakuta dzira laling'ono chimachindikala, chikakuta lalikulu chimapyapyala. Ndiye kuti msoti wathanzi, kayendedwe ka thupi kakangokhazikika, ndi umene uyenera kukupatsani zigoba zolimba kuposa nkhuku ina iliyonse m'khola. Zigoba zopyapyala pa thadzi la zaka ziwiri n'zoyembekezeka. Zigoba zopyapyala tsiku ndi tsiku pa misoti imene yatha mwezi ikuikira si za msinkhu ayi, pali chimene chalakwika. Funso lothandiza si loti kodi mwapeza dzira lofewa, koma loti ndi nkhuku zingati, kwa masiku angati, ndipo mazira enawo ali bwanji.

Zikakhala kuti ndi zambiri ndiponso zikupitirira, yambani ndi chakudya. Chakudya cha anapiye ndi cha nkhuku zokula, chimene pathumba amalemba kuti growers, chimakhala ndi kashiamu pafupifupi 1 peresenti. Cha nkhuku zoikira, cha layers, chimakhala ndi 3.5 mpaka 4.5 peresenti. Nkhuku yoikira imadya magalamu 100 mpaka 120 patsiku, choncho pa layers imapeza kashiamu wokwana magalamu 4 kapena kuposa, ndipo poti matumbo satenga yense, umenewo ndiye muyezo wokwanira chigoba cha magalamu 2 aja. Msoti umene wayamba kuikira udakali pa growers umangopeza galamu imodzi. Zotsalazo umachotsa m'mafupa, ndipo nkhokwe ija siichedwa kutha. Chimanga ndi mbewu zina n'zochepekedwa koposa: kuti mupeze kashiamu wa chigoba chimodzi m'chimanga chokha pangafunike makilogalamu oyandikira 10. Apa m'pamene oweta okonda nkhuku zawo amadzipweteka osadziwa. Amagula layers wabwino, koma madzulo aliwonse amawaza chimanga ndi zotsala za m'khitchini, nkhuku n'kukhutira zimenezo. Theka la chithokomiro likadzaza chimanga, kashiamu wa tsikulo watsika ndi theka, ndipo watsika pa nthawi yoipitsitsa, pamene usiku womanga chigoba ukuyamba. Zowaza zoterezi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsiku.

Koma musathamangire kuika layers pa anapiye poganiza kuti mukuwakonzekeretsa. Impso za nkhuku imene sinayambe kuikira sizitha kutaya kashiamu wochuluka chotero. Zimaonongeka mwakachetechete, ndipo nkhuku imatha kudzafa patapita miyezi, mukaitumbula n'kupeza zoyera ngati choko zitakuta mtima ndi chiwindi. Nthawi yoyenera kukweza kashiamu ndi pamene nkhokwe ya m'mafupa ikumangidwa, masabata awiri dzira loyamba lisanabwere. Alimi akuluakulu amagwiritsa ntchito chakudya cha pakatikati cha 2 mpaka 2.5 peresenti kwa masiku ochepa amenewo. Wa pakhomo angathe kusakaniza growers ndi layers theka ndi theka, n'kusamukira ku layers yekha dzira loyamba likangooneka.

Mungadziwe bwanji kuti masabata awiriwo afika? Msoti umanena wokha. Lipombo ndi ndevu zake, zimene zinali zazing'ono ndi zotuwa, zimakula n'kufiira. Umayamba kutetera, kulowa m'makona, kupalasa udzu m'chisa n'kutulukamo osasiya kanthu. Mukautambasulira dzanja pamsana umanyonyomala n'kutambasula mapiko pang'ono, monga umachitira kwa tambala. Chizindikiro chodalirika koposa ndi mafupa awiri osongoka a m'mbali mwa potulukira dzira. Pa msoti wosakhwima pamangolowa chala chimodzi pakati pawo. Pakalowa zala ziwiri, dzira lili pafupi. Pa nkhuku yoikira pamalowa zitatu.

Pakhomo nkhuku sizikhala za msinkhu umodzi. Pamakhala anapiye, misoti, mathadzi ndi tambala, zonse zodyera pamodzi. Njira imene ndimaiona yanzeru pamenepa ndi kupatsa zonse growers, n'kuika kashiamu m'kambale kakekake. Nkhuku yoikira imamva yokha njala ya kashiamu, makamaka chakumadzulo, ndipo imapita kukatola, pamene tambala ndi anapiye sasamala nako kwenikweni. M'kambalemo mukhoza kuika zigoba zophwanya za oyisitara (nkhono za m'nyanja) kapena za nkhono zina, kapena timiyala ta laimu wodyetsa ziweto. Zonsezi zili ndi kashiamu woyandikira magawo 38 pa 100. Kukula kwa tizidutswa n'kofunika kwambiri. Laimu wa ufa amasungunuka msanga n'kudutsa m'matumbo masana omwewo, usiku n'kukhala palibe. Tizidutswa ta mamilimita 2 mpaka 4 timatsalira m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka mbandakucha, ndiye mafupa amapumako. Laimu wopaka nyumba kapena womangira ndi wina, amawotcha, musamuyerekeze n'komwe. Mchenga ndi timiyala wamba timene nkhuku imatola timaithandiza kupera chakudya, koma sitiipatsa kashiamu. Zigoba za mazira omwewo n'zabwino kubwezera, bola muziumitse pamoto kuti tizilombo tife, n'kuziphwanya kuti zisaonekenso ngati dzira. Kungoti nkhuku singadzidalire pa zigoba zake zokha, poti siitenga kashiamu yense amene yameza.

Kashiamu atha kukhalapo wokwanira koma osafika pachigoba. Kuti adutse m'matumbo kulowa m'magazi pamafunika vitamini D3, amene nkhuku imapanga ikawothera dzuwa, kapena imamupeza m'chakudya chogula. Nkhuku zotsekeredwa m'chipinda chopanda dzuwa, zodya zosakaniza pakhomo zopanda mavitamini, zimaikira mazira ofewa ngakhale kambale ka laimu kali kodzaza. Dzuwa lodutsa pagalasi silithandiza pa zimenezi. Chakudya chogonera miyezi yambiri pamalo otentha nachonso mavitamini ake amakhala atafooka, ndipo cha nkhungu chimaononga chiwindi ndi impso, zimene ndi ziwalo zokonza vitamini D3 kuti agwire ntchito. Fosifolasi amafunika pobwezeretsa fupa la m'nkhokwe, koma akachuluka kwambiri amafooketsa chigoba, choncho kuthira ufa wa mafupa mosayeza si nzeru.

Kutentha kumachita zake mwa njira ina. Nkhuku ilibe thukuta. Kutentha kukamayandikira madigiri 30 imayasamula kukamwa n'kumapuma wefuwefu, ndipo potero imataya mpweya wambiri wa kaboni dayokisaidi. Chigoba si kashiamu yekha, ndi kashiamu wophatikana ndi kaboneti, ndipo kaboneti ameneyu thupi limamupanga kuchokera ku mpweya womwe ukutayikawo. Onjezerani kuti nkhuku yomva kutentha imadya pang'ono, ndipo magazi ake ambiri amathamangira kukhungu kukazizira m'malo mopita ku thumba la chigoba. Zotsatira zake ndi mazira aang'ono a zigoba zopyapyala m'nyengo yotentha, ngakhale chakudya chisanasinthe. Mthunzi, mphepo yodutsa m'khola, madzi ozizira osatha, ndi kudyetsa m'mamawa ndi madzulo kukazizira zimathandiza kuposa kuonjezera laimu. Madzi amchere wambiri nawo amafooketsa zigoba, ndipo nkhuku ikasowa madzi kwa maola ochepa okha, mazira a masiku otsatira amaonetsa.

Mantha ali ndi zizindikiro zawozawo. Galu, khoswe kapena mphaka akasokoneza khola usiku, pamene chigoba chili chatsopano, dzira limatha kutuluka lofewa, kapena kusweka m'kati momwemo n'kumatidwanso, n'kudzatuluka lili ndi mzere wotukuka pakati ngati lamba. Nkhuku ikachedwetsa kuikira chifukwa chisa chalandidwa kapena mathadzi akuluakulu akuithamangitsa, dzira limakhalitsa m'thumba n'kumatidwa kashiamu woonjezera, n'kutuluka lotuwa ngati lawazidwa ufa. Misoti ndi imene imakhala pansi pa ulamuliro wa khola, ndiye izi zimaigwera kawirikawiri. Chisa chimodzi pa nkhuku zinayi kapena zisanu, ndi malo odyera opitirira amodzi, zimachepetsa mkanganowo. Utitiri ndi tinsabwe tofiira tobisala m'ming'alu masana n'kumayamwa magazi usiku timasowetsa nkhuku tulo ndi magazi pa maola omwe aja a chigoba. Pitani ndi tochi usiku mukayang'ane pansi pa mtengo wogonapo.

Matenda ndaayika kumapeto osati chifukwa ndi aang'ono, koma chifukwa amabwera ndi zizindikiro zina zimene zimawasiyanitsa. Chitopa chimagwetsa mazira mwadzidzidzi, otsalawo n'kukhala otuwa, ofewa kapena opindika, ndipo nkhuku zimaoneka zodwala, kupuma movutikira, kutsegula m'mimba zobiriwira, zina kupinda khosi. Chifuwa chopatsirana cha nkhuku chimene madokotala amachitcha infectious bronchitis chimasiya zigoba zamakwinya ndi choyera chamadzimadzi, ndipo chikagwira anapiye a masiku ochepa chimatha kuonongeratu njira ya dzira. Msoti wotero umadzakula bwino, lipombo lofiira, kumalowa m'chisa tsiku ndi tsiku, koma osaikira ngakhale limodzi. Palinso matenda otchedwa EDS-76, amene anadziwika koyamba ku Netherlands m'chaka cha 1976. Kachilombo kake kamakhala mwa abakha ndi atsekwe, ndipo kamaonekera pamene misoti ikuyandikira pachimake pa kuikira: mtundu wa chigoba umayamba wazilala, kenako mazira ofewa ndi opanda chigoba amachuluka, koma nkhukuzo zikuoneka zathanzi, zikudya bwino. Onse atatuwa amayamba ndi mavairasi. Mankhwala opha mabakiteriya sawachiza, chimene chimateteza ndi katemera woperekedwa nkhuku zisanayambe kuikira. Ndipo dziwani kuti mankhwala ena amene anthu amathamangira, a gulu la salufa, amafooketsa okha chigoba polepheretsa thupi kupanga kaboneti uja. Munthu amamwetsa mankhwala pofuna kuchiza dzira lofewa, n'kupeza ofewawo achuluka.

Msoti umodzi wokha ukamapitiriza kuikira zofewa kwa miyezi pamene inzake ili bwino, nthawi zina vuto limakhala la thumba lake la chigoba, lobadwa nalo kapena lotsalira pa matenda akale, ndipo chakudya sichingalikonze. Uyang'anireni, chifukwa dzira lofewa limavuta kukankha, limatha kutsakamira kapena kuphulikira m'kati n'kuyambitsa kutupa kwa m'mimba. Msoti woima ngati ukufuna kukhala pansi, mchira utagwa, ukulowalowa m'chisa n'kumakankha osatulutsa kanthu, ukufunika thandizo tsiku lomwelo: malo ofunda, a bata, madzi, kashiamu wosungunuka msanga, ndi dokotala wa ziweto ngati dzira silinatuluke pakatha maola angapo. Musalifinye kuti lisweke.

Mazira ofewa ndi osweka muzitola msanga, kawiri kapena katatu patsiku m'masabata oyambawa. Msoti ukangolawa dzira losweka umaphunzira kuti m'chigoba muli chakudya, inzake n'kutengera, ndipo khalidwe limeneli ndi lovuta kuletsa kuposa vuto limene linaliyambitsa. Ikani udzu wouma wokwanira m'zisa, ndi dzira lonamizira limodzi, lamtengo kapena mwala wosalala, kuti misoti idziwe poikira. Timazira toyamba ta chigoba chabwino n'tokoma ngati mazira ena onse, tidyeni. Lopanda chigoba limene lagona pa zitosi litayeni, chifukwa lilibe chotchinga tizilombo. Ofuna kufungatiritsa adikire mpaka mazira afike pa magalamu 50 kapena kuposa, nthawi zambiri patatha mwezi umodzi kapena iwiri chiyambireni kuikira. Kadzira kakang'ono kamaswa kamwanapiye kakang'ono kofooka, ndipo la zikasu ziwiri, ngakhale likule bwanji, siliswa kawirikawiri.